Dzino Lokhomera M'fupa: Kodi Limakhala Zaka Zingati?

Pa khonde la chipatala chaching'ono, pamene anthu akudikira kuti maina awo aitanidwe, nkhani sizisoŵa. Mwa nkhani zimene zayamba kumveka pamenepo zaka zino muli ya mano achitsulo. Mwina amene waiyambitsa ndi mnyamata wobwera kuchokera ku Johannesburg, amene anaguluka mano aŵiri akutsogolo pa ngozi ya galimoto, koma lero akuseka mano ali mbee, osazindikirika kuti ena ndi oikirira. Mwina ndi mayi wachikulire amene mwana wake wokhala ku Britain walonjeza kuŵalipirira kuti aŵaike mano otere, ndipo mayiyo, ali ndi chimwemwe chosakanizana ndi mantha, afunsa mnzawo wokhala naye pa benchi kuti: "Kodi amayi, chitsulo chimenechi ndidzafa nacho, kapena chidzanditaya panjira?"

Funso limeneli ndi loyenera. Dzino lotere silipezeka pa chipatala cha kumudzi. Amaika madokotala a mano ophunzira mwapadera, m'zipatala zolipira za m'mizinda ikuluikulu ndi za kunja, ndipo mtengo wa dzino limodzi ungathe kuposa ndalama zimene banja lolima limapeza pa zokolola za chaka chathunthu. Munthu wotulutsa ndalama zotere, kapena wolola kuti mwana wake azitulutse, ayenera kudziŵa chimene akugula. Yankho lake mwachidule ndi ili: gawo lokhala m'fupa lingathe kukhala zaka 20, 30 ngakhale kupitirira, gawo looneka kunja limatha msanga kuposa pamenepo, ndipo chimene chimadula kapena kutalikitsa zaka zimenezi, kaŵirikaŵiri, ndi mwini m'kamwa.

Kapangidwe kake

Dzino lachibadwa liri ndi mbali ziŵiri, mutu umene umaoneka ndi muzu umene unazikika m'fupa la nsagwada. Dzino likazulidwa, zonse ziŵiri zimapita. Mano oikirira amene anthu ambiri anaŵazoloŵera, aja ovula usiku, amabweza mutu wokha. Amangokhala pamwamba pa nkhama. Dzino lokhomera m'fupa, limene m'Chingerezi amati implant, limabweza ndi muzu womwe.

Muzuwo ndi kachitsulo kamizeremizere konga sikuluwu, kutalika kwake pafupifupi sentimita imodzi, kunenepa kwake mamilimita atatu kufikira asanu. Kamapangidwa ndi titaniyamu, chitsulo chopepuka, cholimba, chosachita dzimbiri. Dokotala amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, natsegula nkhama, naboola fupa, naloŵetsa kachitsuloko. Kenaka amadikira miyezi itatu kufikira isanu ndi umodzi kuti fupa likagwire. Likagwira, amamangirira pamwamba pake kachitsulo kena kolumikizira, ndipo pa kameneka amaveka chisoti choyera choumbidwa monga dzino. Tsono ziŵalo ndi zitatu, ndipo chirichonse chiri ndi zaka zake. Anthu ambiri amene amadandaula kuti dzino lawo lachitsulo latha, chimene chatha ndi chisoti kapena sikuluwu yaing'ono yochimangira, muzu uli bwinobwino m'fupa.

Kalulu wa ku Lund

Nzeru yoika chinthu m'fupa m'malo mwa dzino si yatsopano. M'chaka cha 1931, m'dziko la Honduras, anthu ofukula zakale anapeza nsagwada ya munthu wa mtundu wa Maya, ya m'zaka za m'ma 600, momwe munali tizidutswa titatu ta chigoba cha nkhono tosemedwa monga mano. Kwa zaka mazana ambiri anthu anayesa golide, minyanga, ngakhale mano a anthu ena, koma zambiri zinkathera m'mafinya ndi kuguluka.

Njira imene ikugwira ntchito lero inapezeka mosayembekezera. M'chaka cha 1952 dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, anali kufufuza ku Lund za kayendedwe ka magazi m'kati mwa fupa. Iye sanali dokotala wa mano konse. Anaika tizipangizo ta titaniyamu m'mafupa a miyendo ya akalulu kuti azisuzumiramo, ndipo ntchitoyo itatha anafuna kutichotsa kuti atigwiritsenso ntchito. Tinakana kuchoka. Fupa linali litamera mokakamira ku chitsulocho, popanda mnofu kapena chipsera pakati pake, ngati kuti ndi thupi limodzi. Wina akadangodandaula kuti zipangizo zake zodula zatayika. Iye anaona kuti wapeza chitsulo chimene fupa lamoyo silichikana.

Panapita zaka 13 akuyesa pa nyama asanayese pa munthu. M'chaka cha 1965, ku Gothenburg, anaika mizu inayi ya titaniyamu m'nsagwada yam'munsi ya Gösta Larsson, munthu amene anabadwa ndi chirema cha m'kamwa ndipo analibe mano m'munsimo, kotero kuti kudya ndi kulankhula kunali kovuta. Larsson anamwalira m'chaka cha 2006, mizu ija iri m'malo mwake, itagwira ntchito zaka zoposa 40. Madokotala a mano a ku Sweden komweko anakana kukhulupirira kwa zaka zambiri, pakuti anali ataona zitsulo zambiri zikulephera, ndipo maiko ena analandira njirayi pambuyo pa msonkhano wa ku Toronto, m'dziko la Canada, m'chaka cha 1982. Brånemark anamwalira mu 2014.

Zimene ziŵerengero zikunena

Nkhani ya Larsson ndi yokoma, ndipo otsatsa malonda amaikonda. Koma munthu mmodzi si mtundu wonse. Chofunika ndi kudziŵa chimene chimachitika kwa anthu mazana.

Gulu la Brånemark linafalitsa zotsatira zake mu 1981, litaika mizu 2,768 m'kamwa mwa anthu 371. Mwa mizu imene anaitsata zaka 5 kufikira 9, m'nsagwada yam'munsi munatsala 91 mwa 100 iriyonse iri yolimba, koma m'nsagwada yam'mwamba munatsala 81 yokha. Kuchokera nthaŵi imeneyo kapangidwe ka zitsulo ndi luso la madokotala zapita patsogolo. Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana akaphatikizidwa amasonyeza kuti patapita zaka 10, pafupifupi mizu 95 mwa 100 imakhala ikadalipo. Ku Bern, m'dziko la Switzerland, ofufuza amene anatsata mizu 511 kwa zaka 10 analengeza mu 2012 kuti yotsala inali pafupifupi 99 mwa 100. Za zaka 20 kafukufuku ndi wochepa, chifukwa anthu amasamuka, ena amamwalira. Koma ofufuza amene anasonkhanitsa zimene ziripo mu 2024 anapeza kuti pafupifupi mizu inayi mwa isanu imafika pamenepo.

Ziŵerengero zimenezi ziyenera kumvedwa mochenjera. Choyamba, muzu umaŵerengedwa kuti ulipo malinga ngati sunachotsedwe, ngakhale nkhama zake zikutuluka magazi ndipo fupa likudyeka. Kukhalapo ndi kukhala bwino ndi zinthu ziŵiri. Chachiŵiri, ndipo ichi ndicho chokhudza munthu wa kuno, anthu amene anaŵerengedwa m'kafukufuku ameneyu ambiri anali a ku Ulaya, okhala pafupi ndi dokotala wa mano, oitanidwa kukapimidwa chaka ndi chaka. Munthu amene mudzi wake uli ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera kwa dokotala wodziŵa za mano otere sangatenge 95 ameneyu ngati lonjezo lake.

Chisoti chimakhala zaka 10 kufikira 15 kwa anthu ambiri, ena kuposerapo. Chimaperepeseka, chimabenthuka, nthaŵi zina sikuluwu yake imamasuka. Kukonza zimenezi si opaleshoni, koma ndi ndalama zina, ndipo banja liyenera kuziŵerengera pa tsiku loyamba lomwe.

Miyezi yoyamba

Muzu ungathe kulephera pa nyengo ziŵiri. Yoyamba ndi m'miyezi ija yodikira, pamene fupa lakana kugwira chitsulo. Apa mbali yaikulu iri m'manja mwa dokotala. Fupa ndi chinthu chamoyo, ndipo limapsa. Ofufuza a ku Sweden anasonyeza mu 1983 kuti fupa likatenthedwa kufika madigiri 47 kwa mphindi imodzi yokha limawonongeka. Kutentha kumeneku ndi kochepa kuposa kwa tiyi amene munthu amamwa m'maŵa. N'chifukwa chake dokotala wodziŵa ntchito amaboola pang'onopang'ono, ndi chiboolero chakuthwa, akuthira madzi amchere ozizira ophedwa tizirombo. Wothamanga amasiya chitsulo m'fupa lakufa.

Ukhondo wa chipinda ndi wa zida ndi wofunika chimodzimodzi. Chitsulo chimachoka ku fakitale chiri chotsekeredwa, chopanda kachirombo, ndipo sichiyenera kukhudzidwa ndi dzanja, malovu kapena nsalu chisanaloŵe m'fupa. Zida zosaphikidwa bwino m'makina ake zimabweretsa mafinya, ndipo zingapatsirenso matenda a chiŵindi ndi HIV. Malo amene akuika mano otere pa mtengo wotsika modabwitsa, popanda kujambula nsagwada, popanda kufunsa za matenda a munthu, ndi malo oyenera kuŵalambalala. Kuno ku Malaŵi dokotala aliyense wa mano ayenera kukhala wolembedwa m'kaundula wa Medical Council of Malawi, ndipo kufunsa za chiphaso chake si mwano.

Mbali ya wodwala pa nyengo imeneyi ndi kuleza mtima. Chomera chimene chaokedwa dzulo sichigwedezedwa kuti aone ngati chagwira. Muzu ukamatafuniridwa zolimba usanagwire, kapena kumakankhidwa ndi lirime ndi zala, thupi limaukuta ndi mnofu wofeŵa m'malo mwa fupa, ndipo sudzalimbanso.

Mdani wosamveka kuŵaŵa

Nyengo yachiŵiri ndi yaitali, ndipo ndiyo imene imafuna kulongosoledwa mofatsa. Pali chikhulupiriro chakuti dzino lachitsulo silifuna mswachi popeza silibooka. N'zoona kuti titaniyamu ndi chisoti sizivunda ndi shuga. Koma nkhama ndi fupa zimene zagwira chitsulocho ndi za munthu, ndipo zimadwala.

M'kamwa mwa munthu aliyense muli tizirombo tosaoneka ndi maso. Timasonkhana m'mbali mwa dzino, pamalire a nkhama, n'kupanga litsiro lofeŵa loyererako, lija limene munthu amalipala ndi chikhadabo. Likasiyidwa masiku angapo limayamba kuuma n'kukhala ngati mwala umene mswachi sungauchotse. Nkhama zimafiira, zimatupa, ndipo zimatuluka magazi potsuka. Pa msinkhu umenewu vuto likadali la nkhama zokha, ndipo limatha litsirolo likachotsedwa. Likalekereredwa, kutupako kumatsika m'munsi n'kuyamba kudya fupa mozungulira muzu, monga momwe madzi a mvula amakumbira m'tsinde mwa mzati. Mizere ya chitsulo imene inali yobisika imakhala poyera, ndipo popeza ndi yokhakhala, tizirombo timabisalamo mosavuta. Fupa lotayika motere silibwerera lokha, ndipo ngakhale madokotala odziŵa kwambiri amavutika kuliletsa kudyeka.

Matendaŵa si a apo ndi apo. Ofufuza a ku Gothenburg ataphatikiza kafukufuku wambiri mu 2015 anapeza kuti mwa anthu 100 okhala ndi mano otere, pafupifupi 43 anali ndi nkhama zotupa, ndipo pafupifupi 22 fupa linali litayamba kale kudyeka. Kumeneku ndi kunena kuti munthu mmodzi mwa asanu.

Choopsa chake n'chakuti kaŵirikaŵiri sipamveka ululu. Dzino lachibadwa liri ndi mtsempha m'kati mwake, ndipo lazunguliridwa ndi timinyewa tating'ono timene timalimangirira ku fupa. Timeneti timauza munthu kuti waluma mwala mu mpunga, timafeŵetsa mphamvu ya kutafuna, ndiponso timabweretsa magazi oteteza malowo. Muzu wachitsulo ulibe zonsezi. Wagwirana ndi fupa mwachindunji. Motero matenda amayenda msanga pamenepo kuposa pa dzino lachibadwa, ndipo amayenda mwakachetechete. Munthu amene amadikira kuŵaŵa kuti apite ku chipatala, monga mwa chizoloŵezi cha ambiri, amafika fupa litatha.

Pali chinthu china chimene ambiri sachiganizira. Munthu amene mano ake anaguluka chifukwa cha matenda a nkhama, osati ngozi, ali pa chiopsezo chachikulu kuposa ena. Tizirombo timene tinagwetsa mano akale tikadali m'kamwa, pa mano otsala, ndipo tisamukira pa chitsulo chatsopano. Dokotala woona mtima amayamba wachiza nkhama ndi kuona ngati munthuyo wasintha katsukidwe kake. Akatero n'kuchedwetsa ntchito ndi miyezi ingapo, wodwala asaone ngati akumuvuta.

Katsukidwe kake si kachilendo: kaŵiri pa tsiku, makamaka usiku pogona, ndi mswachi wofeŵa, mopendeketsa kuti tsitsi lake lisese pamalire a nkhama. Mipata ya pakati pa mano imafuna ulusi wake kapena timiswachi tating'ono topangidwira ntchito imeneyi. Mswachi wa mtengo umatsuka bwino mano achibadwa ngati uli watsopano ndi wofeŵa, koma suloŵa pansi pa chisoti. Phulusa, mchenga ndi makala zimakanda chisoti ndi kupweteka nkhama. Singano, phini ndi waya siziyenera kuyandikira pamenepo. Madzi otsukira m'kamwa, makamaka chironda chisanapole, akhale oŵiritsa kapena othira mankhwala. A pa chitsime chosatetezedwa si oyenera kukhudza bala la m'fupa.

Fodya

Pa zinthu zonse zimene munthu angathe kuzisintha yekha, fodya ali patsogolo. Utsi wake umachepetsa timitsempha ta magazi ta m'nkhama, kotero kuti chironda chimalandira mpweya ndi chakudya chochepa pa nthaŵi imene chikuzifuna koposa. Umafooketsanso asilikali a m'magazi olimbana ndi tizirombo. Kafukufuku wina wodziŵika wa mu 1993, wa mizu yoposa 2,000, anapeza kuti mwa osuta inalephera 11 pa 100 iriyonse, pamene mwa osasuta inalephera pafupifupi 5. Kafukufuku wa pambuyo pake wakhala akubwereza zomwezo: wosuta chiopsezo chake ndi choŵirikiza kaŵiri.

Fodya ali ndi chinyengo chinanso. Popeza amachepetsa magazi, nkhama za wosuta sizifulumira kutuluka magazi ngakhale zikudwala, ndipo mwini wake amayesa kuti ali bwino. Chingambwe chopichira pa nyuzipepala sichisiyana ndi ndudu ya m'sitolo pa nkhani imeneyi, ndipo fodya woika m'kamwa, amene amayi ena achikulire amamuona ngati wopanda vuto, amakhala pa nkhama penipenipo maola ambiri. Mlimi amene wagulitsa mabelo ake n'kuganiza zogulira dzino angachite bwino kukumbukira kuti tsamba limene lamupatsa ndalamazo ndilo lingamulande dzinolo.

Thupi lonse liri m'nkhaniyi

Matenda a shuga achuluka m'midzi kuposa kale, ndipo ambiri ali nawo osadziŵa. Shuga akakwera m'magazi zironda zimachedwa kupola ndipo nkhama zimagwidwa matenda msanga. Koma apa pali uthenga wolimbikitsa: munthu wa shuga amene akumwa mankhwala mwandondomeko, shuga wake ali pa mlingo woyenera, mizu yake imakhala pafupifupi mofanana ndi ya wina aliyense. Choletsa si dzina la matenda koma kusasamalidwa kwake. Zomwezi zikuonekanso kwa anthu okhala ndi HIV amene akumwa ma ARV mokhulupirika ndipo chitetezo chawo chiri bwino.

Amene anawotchedwapo ndi makina ochiza khansa ya m'mutu kapena ya m'khosi, fupa lawo la nsagwada limakhala ndi magazi ochepa ndipo limapola movutikira. Palinso mankhwala ena olimbitsa mafupa, makamaka obaya kwa odwala khansa, amene angachititse kuti fupa la nsagwada life likaboledwa. Munthu auze dokotala mankhwala onse amene akumwa, ngakhale a zitsamba, ndipo atenge buku lake la kuchipatala. Mayi woyembekezera adikire kufikira atachira.

Ukalamba pawokha si choletsa. Agogo a zaka 75 amene thupi lawo liri bwino angathe kuikidwa. Amene ayenera kudikira ndi ana. Nsagwada ikamakula mano achibadwa amayenda nayo, koma chitsulo chimatsala pamene chinakhomeredwa, ndipo patapita zaka chimaoneka chachifupi pakati pa anzake. Mtsikana kapena mnyamata amene wathyola dzino pa mpira kapena pa njinga amadikira kufikira atasiya kukula, zaka 18 kapena kupitirira, akuvala dzino lovula.

Fupa, malo ndi katundu

Kusiyana kuja kwa 91 ndi 81 kunali ndi chifukwa. Fupa la nsagwada yam'munsi, makamaka kutsogolo, ndi lolimba ndi lothinana. Lam'mwamba chakumbuyo ndi lofeŵa, lamabowomabowo ngati chinkhupule, ndipo pamwamba pake pali mphako ya mpweya yolumikizana ndi mphuno. Msomali wokhomera pa m'baŵa ndi wokhomera pa mtengo wa papaya sagwira mofanana.

Kuchuluka kwa fupa kumadaliranso nthaŵi imene yapita chizulireni dzino. Fupa limene linagwira muzu likasoŵa ntchito limafota, ndipo m'chaka choyamba chokha lingataye pafupifupi theka la kunenepa kwake, kwambiri m'miyezi itatu yoyambirira. Ichi ndicho chimagwetsa masaya a okalamba opanda mano. Munthu amene wakhala zaka 15 ndi mpata angafunike kuwonjezeredwa fupa asanaikidwe muzu, ndipo kumeneko ndi opaleshoni ina, miyezi ina, ndi ndalama zina.

Tsono pali katundu amene dzino limasenzetsedwa. Anthu ena amakukuta mano m'tulo osadziŵa. Amene amadziŵa ndi mkazi kapena mwamuna wawo, ndipo umboni wake ndi mano operepeseka ndi nsagwada zotopa m'maŵa. Mphamvu imeneyi imaswa zisoti, imamasula masikuluwu, ndipo nthaŵi zina imathyola muzu womwe. Dokotala amapanga kachotchinga kapulasitiki kovala usiku. Masana katundu ndi wodzisankhira: kusenda nzimbe ndi mano akutsogolo, kutsegula botolo, kuswa fupa la nkhuku kufuna mafuta, chimanga chokazinga chouma gwa, kuluma ulusi ndi waya. Kutsegula botolo ndi mano, kunena zoona, ndi mchitidwe umene sunayenere dzino la mtundu uliwonse, ngakhale anyamata amaonetsera nawo mphamvu pa ukwati. Dzino lachibadwa limachenjeza lisanasweke. Lachitsulo silimva kanthu, limangosweka.

Zizindikiro zosayenera kudikira

Magazi potsuka, nkhama zofiira kapena zotupa mozungulira dzinolo, mafinya otuluka munthu akadina nkhama ndi chala, fungo kapena kukoma koipa kosatha, nkhama zobwerera m'mbuyo mpaka chitsulo chotuŵa kuonekera: chirichonse mwa izi ndi chifukwa chokwanira chonyamukira. Dzino lotere siliyenera kugwedera ngakhale pang'ono. Likagwedera, mwina ndi sikuluwu yokha imene yamasuka, ndipo dokotala amaimanga m'mphindi zoŵerengeka. Koma ikasiyidwa imathyokera m'kati mwa muzu, ndipo kuitulutsa ndi ntchito yovuta. Mwina ndi muzu umene wataya fupa, ndipo pamenepo uyenera kuchotsedwa. Mwini wake sangathe kusiyanitsa ziŵirizi ali kunyumba. Mankhwala opha tizirombo ogula pa msika amangoziziritsa kutupa masabata angapo, fupa likupitirira kudyeka. Kutupa kumene kwafika ku tsaya, pansi pa chibwano kapena ku diso, pamodzi ndi kutentha thupi kapena kuvutika kumeza, ndi kwa tsiku lomwelo, pa chipatala chirichonse chapafupi.

Ngakhale popanda chizindikiro, dzino lotere liyenera kuonedwa ndi dokotala kamodzi kapena kaŵiri pa chaka, ndi kujambulidwa nthaŵi ndi nthaŵi. M'chaka choyamba fupa limatsika pang'ono, milimita imodzi kapena kuposera apo pang'ono, ndipo zimenezi n'zoyembekezeka. Pambuyo pake liyenera kukhazikika, osatsika koposa gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita pa chaka. Kusintha kochepa chotere diso silingakuone. Kumaoneka poyerekeza chithunzi cha chaka chino ndi cha chaka chatha.

Kwa amene chipatala chiri kutali

Madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, ndipo ambiri ali m'mizinda. Sukulu yophunzitsa madokotala a mano inayamba mu 2019 ku College of Medicine ku Blantyre, imene tsopano iri mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo boma linakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya umoyo wa m'kamwa mu 2022. Zipatso zake zidzafika m'maboma pang'onopang'ono. Pakali pano ntchito yaikulu m'zipatala za m'maboma ikugwiridwa ndi othandiza madokotala a mano, amene amazula, kumata ndi kutsuka mano.

Pa chifukwa chimenechi, kwa munthu wokhala kutali, wosuta, kapena amene shuga wake sanakhazikike, mano ovula si chinthu chonyozeka. Mtengo wake ndi wotsika, safuna kuboola fupa, ndipo akasweka amakonzeka mosavuta. Amakhala zaka 5 kufikira 10, kenaka amakhwepa chifukwa nkhama zafota, ndipo amafuna kukonzedwa kapena kupangidwa ena. Amavulidwa usiku, kutsukidwa ndi mswachi ndi sopo, n'kugonekedwa m'madzi oyera ozizira. Madzi otentha amaŵapinda. Ndipo dzino lachibadwa limene lingathe kumatidwa kapena kuchizidwa muzu lisazulidwe pofuna lachitsulo. Ofufuza ayerekeza ziŵirizi kambirimbiri, ndipo sanapeze kuti chitsulo chimaposa dzino lachibadwa lochizidwa ndi kusamalidwa bwino.

Kwa amene atsimikiza mtima, kapena amene anaikidwa kale kunja, pali chinthu chimodzi chaching'ono chimene chimaiŵalika kaŵirikaŵiri. Makampani opanga mizu imeneyi ndi ambiri, mitundu yake ndi mazana, ndipo zolumikizira ndi masipanala a kampani imodzi nthaŵi zambiri sizikwana pa muzu wa kampani ina. Mnyamata uja wa ku Johannesburg sikuluwu yake ikadzamasuka patapita zaka 8 ali kwawo, dokotala wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre adzayamba wafunsa kuti muzuwo ndi wa mtundu wanji, ndipo poyang'ana m'kamwa sangadziŵe. Asanatuluke m'chipatala chimene chamuika, munthu apemphe kuti amulembere dzina la kampani, mtundu ndi kukula kwa muzu, dzino limene waloŵa m'malo mwake, ndi tsiku la opaleshoni, ndipo atengenso chithunzi cha nsagwada chojambulidwa tsiku limene anaveka chisoti. Pepalalo alimate m'buku la kuchipatala, ndipo bukulo alisunge m'pulasitiki, pamalo posafika chiswe.